Kutuluka m'Chikuta: Mau a Mwambo ndi Mau a Chipatala m'Mapulazi a ku Mashonaland

1. Mau oyamba

Mai aliyense amene wangochira amafuna kudziŵa kuti khanda lake lingathe kuonekera liti pakati pa anthu, ndiponso kuti alinyamule motani kuti lisatenge matenda panjira. Nkhani imeneyi kaŵirikaŵiri timaisiyira azamba ndi anamwino. M'pepala lino tifuna kusonyeza kuti ofufuza ziyankhulo nafenso tili ndi mbali yathu, pakuti malangizo onse amene mai amalandira amadza m'mau, ndipo si nthaŵi zonse pamene wonena ndi womva amagwirizana pa tanthauzo la mauwo. Tasankha anthu oyankhula Chicheŵa a m'mapulazi a ku Mashonaland, m'dziko la Zimbabwe, popeza kumeneko Chicheŵa chakhala moyandikana ndi Chishona kwa zaka zoposa 100, ndipo kumeneko mwambo, chipatala ndi ntchito zimalimbirana mwana mmodzi yemweyo m'milungu yake yoyamba. Ganizo lathu ndi lakuti mneni "kutuluka" akuimira maulendo angapo osiyana, ndipo uthenga wa zaumoyo wosasiyanitsa maulendowo umamveka ngati ukulamula mai kuswa mwambo, pamene sunayenere kumveka choncho.

2. Anthu ake

Amuna a ku Nyasaland adayamba kupita ku Southern Rhodesia kukafuna ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ambiri akuyenda pansi kudzera ku Tete nakaloŵera ku Mount Darwin kapena ku Mutoko. Mu 1936 maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia adapangana ku Salisbury za kayendetsedwe ka antchito ameneŵa, ndipo mu 1946 kudakhazikitsidwa bungwe la Rhodesia Native Labour Supply Commission, limene ku Malaŵi lidatchuka ndi dzina lakuti Mthandizi. Itatha nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse ulimi wa fodya udakula kwambiri, ndipo mapulazi a ku Mvurwi, Centenary, Bindura, Banket, Trelawney, Karoi ndi Marondera adadzala ndi Acheŵa, Amang'anja, Ayao, Alomwe, Asena ndi Angoni. Ambiri sadabwerere. Kwao adatchedwa matchona, ndipo kumene adakhazikikako adatchedwa "Mabhurandaya", ndiko kunena anthu a ku Blantyre.

Chaka cha 2000 chisanafike, mapulazi aakulu a dzikolo ankalemba antchito oposa 300,000. Kugaŵidwa kwa minda kumene kudayamba m'chakacho kudathetsa ntchito za ambiri, koma mbumba zambiri za matchona zidatsalabe m'makomboni akale, popeza zilibe mudzi wina wothaŵirako, ndipo zimadalira ganyu kwa alimi atsopano. Malamulo aakulu a dziko a 2013 adaika Chicheŵa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Komabe achinyamata ambiri a m'komboni amayankhula Chishona tsiku ndi tsiku, ndipo Chicheŵa chimamveka kwambiri pamaliro, pa gule wamkulu (amene Ashona amati "zvigure") ndi pakamwa pa agogo. Mau a uchembere ndi agogowo amene amawasunga. Motero namwino wa pakiliniki amakambirana ndi mai wamng'ono m'Chishona, koma woŵeruza za tsiku lotuluka mwana ndi gogo amene sadali nao pa kukambiranako, ndipo uthenga umamfika utamasuliridwa.

3. Chikuta

Dzina lakuti "chikuta" lili m'gulu la Chi-Zi, ndipo tsinde lake ndi lomwe tipeza mu mneni "kukuta", monga m'chiganizo chakuti "nkhungu yakuta phiri", kapena m'dzina lakuti "chikutiro". Lili ndi matanthauzo atatu olumikizana. Poyamba ndi nyumba imene mai wachiriramo. Kachiŵiri ndi nthaŵi imene mai ndi khanda amabindikira m'nyumbamo. Kachitatu ndi mkhalidwe wa aŵiriwo, ndipo n'chifukwa chake timati "mai wachikuta" ngakhale tamuona atakhala pakhonde. Ku Malaŵi dzinali lidaloŵanso m'chipatala, kumene chipinda chogonamo amai ongochira kumene amachitcha chikuta.

M'Chishona mzamba amatchedwa "nyamukuta". Mphatikiram'mbuyo "nya-" ndi mbale wa "na-" wa m'Chicheŵa (yerekezani "nyakubereka" ndi "nakubala"), ndipo ife tikuona kuti chotsalacho, "-mu-kuta", n'chovuta kuchilekanitsa ndi "chi-kuta". Ngati ndi choncho, nyamukuta ndi mwini chikuta, ndipo ziyankhulo ziŵirizi zidasunga tsinde limodzi, china m'dzina la nyumba, china m'dzina la munthu.

Chimene tiyenera kuchigogomezera ndi chakuti chikuta sichiŵerengedwa ndi masiku. Chimatha ndi chochitika, ndicho kugwa kwa mchombo, umene m'Chishona amati "rukuvhute". Kachingwe kameneka kamauma ndi kugwa pakati pa mlungu umodzi ndi milungu iŵiri. Kakagwa, ntchembere zimameta khanda, kulisambitsa m'madzi a mankhwala (amene kumwera kwa Malaŵi amati likambako), kulimanga mkuzi kapena mphinjiri, ndi kulionetsa kunja. Pamenepo m'pamene limalandira dzina. Khanda lomwalira lisanafike pamenepa limaikidwa ndi akazi okhaokha popanda kulira maliro, ndipo izi zisonyeza kuti kutuluka m'chikuta ndiko kuloŵa m'gulu la anthu. Taonani tsono ziganizo izi:

(1) Mwana watuluka m'chikuta.
(2) Agogo amtulutsa mwana.
(3) Mai watuluka ndi mwana.
(4) Mai wapita naye mwana kusikelo.

Ziganizo (1) ndi (2) ndi za mwambo. Mu (2) msintho wochititsa ukubweretsa mwininkhani waudindo, pakuti kutulutsa mwana ndi ntchito ya ntchembere, osati ya mai wake kapena bambo wake. Chiganizo (3) chingonena za kuyenda wamba, ngakhale kuti chikanenedwa mchombo usanagwe chimamveka ngati chodzudzula. Chiganizo (4) sichitchula kutuluka konse. Womasulira amene wapatsidwa mneni wa Chishona "kubudisa" akhoza kuthamangira "kutulutsa", nanena kuti "Tulutsani mwana pa tsiku lachitatu." Iye akutanthauza (4), koma gogo akumva (2): akumva kuti mlendo akumlamula kuchita mwambo mchombo ukadali pamimba. Gogoyo akakana, sakukana chipatala, akukana mneni.

4. Kuzizira, kufunda, kutentha

Pano m'pamene pali chisokonezo chachikulu. J. W. M. van Breugel, m'buku lake la Chewa Traditional Religion (2001), adafotokoza bwino momwe Acheŵa amagaŵira anthu pa "otentha" ndi "ozizira". Wotentha ndi amene akukhala malo amodzi ndi mwamuna kapena mkazi. Wozizira ndi mwana, nkhalamba, kapena munthu amene akudziletsa. Khanda ndi lozizira koposa onse, ndipo wotentha akaligwira, kapena makolo akalephera kusunga mwambo, amati limadwala tsempho (kuchokera ku "kusempha") kapena mdulo (kuchokera ku "kudula"): limatupa, limaonda, limatsokomola.

Chipatala chimagwiritsa ntchito mau omweŵa ponena za thupi. Thupi la khanda liyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5, ndipo likatsika kupitirira 35.5 kapena kukwera kupitirira 37.5, bungwe la World Health Organization limati chimenecho ndi chizindikiro cha ngozi. Khanda limataya kufunda msanga, makamaka kumutu, ndipo silitha kunjenjemera kuti lidzifunditse monga achitira wamkulu. Madera a fodya a ku Mashonaland ali pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo mu Juni ndi Julayi chisanu chimagwa m'madambo usiku. Tsono namwino akanena kuti "mwana wozizira ali pangozi, mtenthetseni", wanena zoona za thupi, koma pamwambo wanena zotembenuka: khanda liyenera kukhala lozizira kufikira nthaŵi yake, ndipo kulitenthetsa nthaŵiyo isanakwane ndiko kulidula.

Mwamwaŵi galamala ya Chicheŵa ili kale ndi njira zosiyanitsira.

(5) Mwanayu ndi wozizira.
(6) Mwanayu wazizidwa.
(7) Mwanayu watentha thupi.
(8) Mfunditseni mwana kuti thupi likhale lofunda.

Mu (5) tili ndi mfotokozi wonena za mkhalidwe wokhazikika, ndipo m'menemo ndimo mugona tanthauzo la mwambo. Mu (6) msintho wochitidwa ukusonyeza chinthu chimene chamgwera mwana kuchokera kunja, monga mphepo, ndipo palibe gogo amene angachimve mwanjira ina. Mu (7) dzina lakuti "thupi" ndilo likutseka chitseko cha tanthauzo la mwambo, kotero kuti siliyenera kusiyidwa pofuna kufupikitsa uthenga. Koma chuma chenicheni chili mu (8). Mneni "kufunda" ali pakati pa kuzizira ndi kutentha, ndipo ali ndi matanthauzo aŵiri othandizana, la thupi lomva bwino ndi la kudziphimba ndi nsalu. Pamwambo palibe munthu amene amatchedwa "wofunda". Chishona nachonso chili ndi aneni atatu ofanana, "kutonhora", "kudziya" ndi "kupisa", motero womasulira wosamala angoyenera kugwira wapakatiyo m'ziyankhulo zonse ziŵiri.

Ena mwa olemba za umoyo amayamikira mwambo wa otentha ponena kuti umachepetsa manja ogwira khanda. Izi ndi zoona, ndipo m'milungu imene khanda lisanalandire katemera wa chifuŵa chokoka mtima ndi chibayo phindu lake si laling'ono. Koma tisafulumire kunena kuti mwambo ndi chipatala akunena chinthu chimodzi. Gogo amene akutsokomola chifuŵa chachikulu ndi wozizira, ndipo mwambo umamlola kufukata khanda tsiku lonse. Mwana wa zaka zinai wa chimfine ndi wozizira. Bambo wa thanzi labwino amene wasamba m'manja akhoza kukhala wotentha. Magulu aŵiriŵa amakumana pena ndi pena, koma malire ao ndi osiyana. Uthenga wabwino suchotsa gulu la otentha. Umaonjezapo gulu lachiŵiri, la "achifuŵa, achimfine ndi osasamba m'manja", nulitchula padera.

Tiyenera kukumbukiranso kuti tsempho si dzina la matenda lokha, ndi dzinanso la mlandu. Khanda likadwala, funso loyamba limakhala lakuti "wamsempha ndani?", ndipo funsoli limafuna akuluakulu, kufunsana ndi kuulula. Matenda oloŵa m'magazi a khanda angathe kulipha m'tsiku limodzi kapena aŵiri. Namwino sangathetse chikhulupiriro cha tsempho pamzere wa sikelo, ndipo kuyesa kutero n'kutaya nthaŵi. Chimene angapemphe ndi chakuti mlanduwo ukambidwe mwana ali kale kuchipatala.

Tisanachoke pa mutuwu titchule msampha wina waung'ono. Mwambo umene umathetsa kuzizira kwa khanda, patapita milungu kapena miyezi, umatchedwa "kutenga mwana", ndipo kummaŵa kwa Zambia amati "kutengera mwana kumphasa". M'Chishona "kutenga" ndiko kugula. Kutenga kwathu iwo amati "kutora". Mai woyankha namwino wa Chishona kuti "mwanayu sitinamtenge" wanena chinthu chimene womvayo sangachimasulire popanda womuunikira.

5. Chikuta cha m'komboni

Kumudzi wa Acheŵa, kumene mwamuna amakhala pachikamwini, mkazi amachirira pakati pa abale ake: mai ake, agogo ake ndi anamkungwi ali pomwepo, ndipo pali womphikira, womtungira madzi ndi womtolera nkhuni. Ashona, amene ukwati wao ndi wotengera mkazi kwa mwamuna, adapeza njira yao mu mwambo wa "masungiro", umene umabweza mkazi kwa makolo ake kuti akachirire kumeneko mwana woyamba. Mwana wamkazi wa mtchona alibe zonse ziŵiri. Nyumba ya m'komboni idali ya mwini pulazi, yoperekedwa chifukwa cha ntchito ya mwamuna, ndipo Blair Rutherford, m'buku lake la Working on the Margins (2001) lonena za mapulazi a ku Hurungwe, adasonyeza momwe ulamuliro wa mwini pulazi ndi akapitao ake unkaloŵerera mpaka m'nkhani za m'banja. M'nyumba ya chipinda chimodzi kapena ziŵiri tanthauzo loyamba la chikuta, lija la nyumba yapadera, silingakhalepo. Limatsala lachiŵiri, la nthaŵi, ndipo nthaŵiyo imafupikitsidwa ndi ntchito.

Fodya amathyoledwa kuyambira mu Disembala mpaka mu Malichi, ndipo kusankha masamba m'mashedi kumapitirira mpaka m'nyengo yozizira. Akazi ambiri ankalembedwa ngati antchito a nyengo, amene mgwirizano wao sunkapitirira miyezi 8 pa chaka. Lamulo la ntchito limapereka masiku 98 a tchuthi cha uchembere cholipidwa, koma kufikira pamene lidasinthidwa mu 2023 linkafuna kuti mkazi akhale atagwira ntchito chaka chathunthu. Wantchito wa miyezi 8 sakadafikapo. Waganyu wa masiku ano, amene amalipidwa akamaliza ndime yake (m'mapulazi amati "mugwazo"), akagona tsiku limodzi ndiye kuti tsikulo sadya.

Uwu ndi ulendo wachiŵiri wa khanda, wa kumunda kapena kushedi, ndipo ndi umene uli ndi zoopsa zambiri: dzuŵa, fumbi la fodya, utsi wa kumabalani, ndi mankhwala ophera tizilombo amene amatsalira m'manja ndi pa zovala za mai woyamwitsa. Chodabwitsa kwa ife ndi chakuti ulendo umenewu ulibe dzina. Mneni wake si "kutuluka" koma "kuloŵa": timati "mai waloŵa ntchito", ndipo khandalo silitchulidwa m'chiganizomo ngakhale lili kumsana. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 m'boma la Bindura mudayambika ntchito yophunzitsa akazi a m'makomboni kukhala alangizi a zaumoyo a papulazi, ndipo idafalikira m'madera ena pamodzi ndi malo osungirako ana. Zambiri za zimenezi zidatha pambuyo pa 2000.

6. Ulendo wa kusikelo

Dzina lakuti "sikelo" ndi lobwereka ku Chingerezi, ndipo lidachoka pa chida choyezera kulemera n'kufika pa malo ndi pa tsiku. Ashona amati "sikero". (Tingonena modutsa kuti tikadatsata lamulo lathu lakuti "r" azitsatira "e" ndi "i", nafenso tikadalemba "sikero", ndipo ziyankhulo ziŵirizi zikadagwirizana ngakhale papepala.)

World Health Organization imalangiza kuti mai ndi khanda aonedwe ndi wazaumoyo m'maola 24 oyamba, pa tsiku lachitatu, pakati pa masiku 7 ndi 14, ndiponso pa milungu 6. Chifukwa chake n'chakuti mwa makanda anai alionse omwalira m'mwezi woyamba, pafupifupi atatu amamwalira m'mlungu woyamba. Kafumbata wa makanda, amene amaloŵera pamchombo wodulidwa ndi lumo lakuda kapena wopakidwa phulusa, dothi kapena ndowe, amaonekera kaŵirikaŵiri chakumapeto kwa mlungu womwewo: khanda limene linkayamwa bwino limaleka kuyamwa n'kuuma thupi. Zimbabwe idavomerezedwa mu 2000, ndipo Malaŵi mu 2002, kuti adagonjetsa matendaŵa, koma tizilombo take timakhala m'dothi ndipo sititha. Zizindikiro zina zofuna ulendo wa msangamsanga ndi kupuma mofulumira (ka 60 kapena kuposa pa mphindi), kuloŵa kwa nthiti popuma, kukomoka, kulefuka, ndi chikasu chofika m'manja ndi kumapazi.

Tsono ulendo wofunika koposa ukugwera m'kati mwenimweni mwa chikuta. Apa m'pamene tanthauzo lachitatu lija litithandiza. Ngati chikuta ndi mkhalidwe, ndipo tsinde lake ndi "kukuta", ndiye kuti khanda lokutidwa pathupi la mai wake, losagwidwa ndi alendo, silinatuluke m'chikuta ngakhale lili pa thirakitala yopita ku Mvurwi. Mwambo weniweniwo udavomereza kale zimenezi mosalengeza: kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 adapeza kuti ana 77 mwa 100 alionse a ku Zimbabwe ankabadwira kuchipatala, ndipo ana otereŵa amabwera kunyumba pa lole kapena pa basi mchombo usanagwe, komabe agogo amadzawatulutsa pa tsiku lake. Ife tikupempha omasulira kuti agwiritse ntchito chiganizo (4), ndipo ngati n'kotheka aonjeze kuti "ali m'chikuta momwemo".

Kanyamulidwe nakonso kali ndi aneni ake. "Kubereka", mneni amene Chicheŵa ndi Chishona zili naye limodzi pamodzi ndi dzina lakuti "mbereko", amatanthauza kubala ndiponso kunyamula kumsana. "Kufukata" ndiko kusunga pachifuŵa. Khanda la masiku oŵerengeka khosi lake silinalimbe, ndipo likakhala kumsana mai saona nkhope yake kapena kupuma kwake. Njira yosunga khanda pachifuŵa, khungu kukhudza khungu, idayambira ku Bogotá mu 1978, ndipo zotsatira zake pa chipatala cha mishoni cha Manama, kumwera kwa Zimbabwe, zidafalitsidwa ndi Nils Bergman ndi Agneta Jürisoo mu 1994. Kwa mai wa m'komboni si chinthu chachilendo ngati titchula mneni woyenera: "mfukateni, musambereke". Zotsalazo ndi zapafupi kunena: chipeŵa kumutu, nsalu imodzi kapena ziŵiri kuposa zimene wamkulu wavala, mphuno ndi pakamwa posaphimba, kunyamuka dzuŵa litatuluka m'nyengo ya chisanu koma m'mamaŵa mu Okutobala, kukhala patali ndi otsokomola pamzere, ndi kukana mwaulemu anzake a m'lole ofuna kumlandira mwana. Pa chomalizachi mai wachikuta ali ndi chida chimene namwino alibe, pakuti akati "sanatuluke", palibe amene amaumirira.

7. Masiku 42

Ntchito ya katemera wa ana m'dziko lonse la Zimbabwe idakhazikitsidwa mu 1982, ndipo kuyambira mu 2012 katemera wotsatira wa pobadwa amayamba pa milungu 6. Milungu 6 ndi masiku 42, ndipo masiku 42 ndiwonso malire amene lamulo la Births and Deaths Registration Act limapereka kuti kubadwa kwa mwana kukalembetsedwe. Umenewu ndi ulendo winanso, wokaonetsa mwana kuboma, ndipo monga pa kutuluka m'chikuta, mutu wake ndi dzina.

Kwa zidzukulu za matchona ulendowu ndi wovuta. Ambiri zitupa zao zidalembedwa kuti ndi alendo ngakhale adabadwira papulazi pomwepo. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kudafuna kuti anthu otere akane unzika wa dziko la makolo ao, limene ambiri sadalionepo, ndipo olephera kutero adataya unzika wa Zimbabwe. Ndime 43 ya malamulo aakulu a 2013 idabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lao lidachokera m'dziko la SADC, koma lipoti la Amnesty International la 2021 lidasonyeza kuti ambiri adakanikabe kupeza mapepala. Mai wopanda chitupa amavutika kulembetsa mwana wake, ndipo mwana wobadwira m'manja mwa nyamukuta alibe kalata ya kuchipatala yotsimikiza kubadwa kwake, kotero kuti pamafunika mboni. Mwana wotere adametedwa, adasambitsidwa, adapatsidwa dzina la agogo ake pamaso pa komboni yonse, koma kusoŵa kwa pepalalo kumadzaonekera pamene aphunzitsi afuna kumlembetsa mayeso a Grade 7.